MUSANAGULITSE INJINI KUTI MUGULE KAMERA

Uthengawu ndi wautali, amene muli pa ntchito sungani mudzawerenge madzulo.

Sabata yatha mphwanga anandipeza ndikutsuka kabuleta ya injini ya kasitomala, n'kundiuza kuti tiwanyengerere bambo agulitse injini yathu yakale ija kuti iye agule kamera. Akuti iye ndi anzake atatu ayamba kupanga mafilimu oti azionetsedwa pa TV. Ndinamufunsa kuti filimuyo ikunena za chiyani, iye anati tiganiza kamera ikabwera. Nanga alemba ndani? Akuti zolemba n'zachikale, aliyense azingoyankhula zomwe zamubwerera m'mutu. Nanga thiransipoti ndi nsima ya osewera alipira ndani? Apo anangoseka.

Ine sindinaseke nawo, chifukwa injini imeneyo ndi imene inandilipirira fizi mpaka Folomu 4, ndipo pano ikulipirira mlongo wathu. Komanso sindikufuna kukhala ngati akuluakulu aja amene mwana akangotchula filimu amati ndi zibwana. Ndi ntchito imeneyi, anthu amadyerapo. Vuto lathu ndi loti timangoona nkhope za osewera. Mayina amene amadutsa kumapeto, pamene aliyense ku vidiyo sho wayamba kale kutuluka, sitiwawerenga. Pamenepo ndi pamene pali anthu atatu amene popanda iwo filimu kulibe: wolemba, dayilekitala ndi pulojusa.

Amene munapitako ku usipa mumva msanga. Pulojusa ali ngati mwini zida. Amapeza boti, amagula mafuta, amasonkhanitsa alovi, ndipo asananyamuke amakhala akudziwa kale amene adzagule nsombazo. Zikakanika, ngongole ndi yake. Dayilekitala ali ngati siginala, amene amaona pomwe nsomba zasonkhana n'kunena nthawi yoponya. Wolemba ndi uja anasoka chilimira kumtunda masiku ambiri anthu asanalowe m'madzi. Ukonde ukakhala wobooka, siginala angakhale dolo bwanji, mubwerako chimanjamanja.

Ndikupatseni chitsanzo cha filimu ina yakale ya ku America, dzina lake Duel, ya 1971. Ndinaipeza pa memori khadi ya mnzanga, ndipo nditaionera kachiwiri ndinathera bandulo kufufuza amene anaipanga. Nkhani yake ndi yochepa kwambiri. Bambo wina akuyendetsa kagalimoto kofiira m'misewu ya kuchipululu ku California, wapitirira chithiraki chonyamula mafuta, basi dalaivala wa chithirakicho wayamba kumusaka kuti amuphe. Nkhope ya dalaivalayo suiona mpaka filimu kutha. Koma yesani kuchoka pampando.

Anailemba ndi Richard Matheson, munthu amene anali atalemba kale nkhani zambiri za pa TV, kuphatikizapo za pulogalamu ya The Twilight Zone. Maganizo a nkhaniyi anamubwerera mu 1963, thiraki ina itamuthamangitsa pamsewu, koma nkhaniyo inatuluka mu 1971. Zaka 8 zimenezo. Ndipo ine monga makaniko pali pamene anandigwira mtima. Koyambirira, bambo uja akumwetsa mafuta, wa pa filing'i akumuuza kuti payipi ya ladiyeta yatha, asinthe. Iye akukana, akuganiza kuti akufuna kumudyera ndalama, ngati mmene ena a inu mumachitira ndikakuuzani za impela. Kutsogolo, ali pa chitunda, chithiraki chili pambuyo, payipi ija n'kuphulika. Zimenezo si kamera inachita. Munthu anakhala pansi ndi pepala n'kutchera msampha koyambirira kuti udzafwamphuke kumapeto.

Dayilekitala wake anali mnyamata wa zaka 24, msinkhu wathu womwewu, dzina lake Steven Spielberg. Inde, yemwe uja wa Jurassic Park. Koma sanagwe kumwamba. Anayamba ali mwana ndi kakamera ka bambo ake. Mu 1968 anapanga kafilimu kakafupi kotchedwa Amblin', ndipo ndi kameneka kanamupezetsa ntchito ku kampani ya Universal. Kumeneko anayamba ndi ntchito zing'onozing'ono, kutsogolera gawo limodzi la pulogalamu iyi, gawo limodzi la pulogalamu ina, monga Columbo. Amene anamupatsa Duel ndi pulojusa George Eckstein, yemwenso anayambira pa kulemba nkhani za pa TV.

Nthawi imeneyo kanema wa ABC ankaonetsa filimu yatsopano sabata iliyonse, ndiye tsiku loonetsa linali loikika kale, zoti tidikireni pang'ono kunalibe. Duel anaijambula pafupifupi masabata awiri okha. Spielberg anamata mapu a msewu wonse pakhoma la chipinda chimene ankagona, osonyeza pomwe chilichonse chichitikire, kuti kukacha asataye nthawi n'kuganiza. Filimuyo inaonetsedwa pa TV mu Novembala 1971, inali ya mphindi 74, ndipo inakondedwa mpaka anaitalikitsa n'kukaionetsa m'nyumba za kanema ku Ulaya. Mu 1975 anatulutsa Jaws, ya chinsomba chodya anthu. Chinsombacho chinali cha makina, ndipo chinkangowonongeka m'madzi a mchere. Ife okonza mainjini tikudziwa zimene madzi amachita ndi makina. Iye anachita zomwe anachita ndi dalaivala uja: kuchibisa nthawi yaitali, anthu n'kumaopa chinthu chimene sakuchiona. Luso limenelo analinolera pa ntchito yothamanga ya pa TV.

Ndikudziwa wina ayankha kuti aise, uko ndi ku America, kuli makampani ndi ndalama. Zoona, ndipo sindikunamizani kuti kuno wina adzakupatsani kontirakiti chifukwa cha kafilimu kamodzi. N'chifukwa chake chitsanzo chachiwiri ndi chakwathu konkuno. A Shemu Joyah ntchito yawo ndi yoyeza malo. Mafilimu anayamba kupanga ali munthu wamkulu kale, ali ndi ntchito m'manja, ndipo amalemba okha n'kutsogolera okha. Mu 2012 anatulutsa The Last Fishing Boat, nkhani ya msodzi wa pa nyanja yathu yomweyi amene nsomba zikumuthera, mwana wake n'kusankha kuyenda ndi alendo odzaona malo m'malo mwa usodzi. Tanenani, simukumudziwa munthu wotere pa doko lanu? Mu 2018 filimu yawo ina, The Road to Sunrise, inapata mphoto ya Africa Magic ku Nigeria monga filimu yopambana ya kummwera kwa Africa, mphoto imene a Joyce Mhango Chavula anapatanso mu 2016 ndi filimu yawo ya Lilongwe.

Chimene chimandiwawa ine n'choti nkhani imene a Joyah anaiona, ife timaiponda tsiku lililonse popita kudoko, koma tikafuna kupanga filimu timayamba kukopera za ku Nigeria, za nyumba zosanja ndi magalimoto amene sitinakwerepo. Chonsecho tili ndi zathu. Usiku injini yazima pakati pa nyanja, mwera wayamba, m'boti muli anthu asanu, mmodzi ali ndi ngongole ya mnzake, wina ndi amene anaba mafuta masana n'kuthiramo madzi. Malo amodzi, anthu ochepa, mantha enieni. Mukufunanso chiyani?

Ndiye maganizo anga ndi awa. Kamera ibwere pomaliza. Yambani ndi kope ndi cholembera, mulembe nkhani mpaka kumapeto kwake, muwerengere anthu osakukondani muone ngati akhale chete. Pa gulu lanu gawanani ntchito, pakhale mmodzi wosunga ndalama ndi masiku, wina wolemba, wina wotsogolera, osati nonse anayi kufuna kuoneka nkhope. Jambulani mphindi zisanu ndi foni imene muli nayoyo, muike tsiku lomaliza ndipo mulisunge. Mudzaona nokha kuti mphepo ya kunyanja imawononga mawu kuposa chithunzi. Ndipo ntchito imene ikukudyetsani musaisiye msanga, chifukwa ndi imene idzalipire filimu yanu yoyamba.

Mphwanga ndamuuza kuti injini siigulitsidwa, zimenezo aiwale. Koma akandibweretsera nkhani yolembedwa ndi timafilimu titatu tomalizika ta pa foni, maikolofoni ndidzamugulira ine ndi ndalama ya sipanala yanga. Anachoka atakwiya. Dzulo madzulo ndamupeza pa khonde ali ndi kope la mlongo wathu, akuwafunsa bambo za usiku umene anagona pa nyanja mafuta atawathera. Bambo, amene nkhani imeneyo sanatiuzepo bwinobwino, ayankhula mpaka nsima kuzizira.

Ngati muli ndi mng'ono wanu amene akulota za mafilimu, mutumizireni. Amene mukutsutsa, mundipeza kudoko, tidzakambirane uku ndikumasula pulopela.