Zifaniziro za Zombo za Mlengalenga: Kodi Amatisankhira Ndani?

Mphunzitsi akafika pa phunziro la dziko lapansi, mwezi ndi dzuwa, ana sachedwa kufunsa za anthu amene anapita ku mwezi ndi za chombo chimene anakwera. Pamenepo mphunzitsi amalakalaka akadakhala ndi kanthu kogwirika koti aike pa tebulo. Kanthu kotero kalipodi. Ku Ulaya, ku America ndi ku Japan kuli makampani amene amapanga zifaniziro za zombo zenizeni za mlengalenga. Tizidutswa ta pulasitiki timadza m'bokosi, wogula nkutilumikiza ndi guluu, nkupaka penti, kufikira patatuluka chombo chaching'ono chofanana ndi chenicheni pa zonse kupatula msinkhu. Ena mwa inu mwaziona zimenezi pa intaneti, ndipo mumafunsa ngati sukulu iyenera kuyesetsa kuzipeza. Maganizo anga ndi akuti chifaniziro chotere nchabwino, koma mphunzitsi asanachikhumbe ayenera kudziwa chifukwa chake chombo ichi chinapangidwa pamene china chija chinasiyidwa. Osankha ake ndi awiri, msika ndi laisensi, ndipo palibe mmodzi wa iwo amene anawerengapo silabasi yathu.

Tiyambe ndi msika. Woumba njerwa amakhoma chikombole chake ndi matabwa tsiku limodzi, ndipo chikathyoka amakhoma china. Tizidutswa ta pulasitiki nato timaumbidwa m'chikombole, koma chimenecho ncha chitsulo cholimba, chosemedwa mosamala kwambiri kuti kamzere kalikonse ka pa chombo kaoneke. Kuchipanga kumadya nthawi yaitali ndi ndalama zochuluka. Tsono kampani siingaseme chikombole chotere ngati sikhulupirira kuti idzagulitsa mabokosi zikwi zambiri. Nchifukwa chake imathamangira chombo chimene chili kale pakamwa pa anthu.

Zinaonekera bwino pa nthawi ya Apollo. Pamene Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin anaponda pa mwezi mu July 1969, makampani a Revell ndi Monogram a ku America ndi Airfix ya ku Britain anali pa mpikisano wotulutsa chifaniziro cha roketi ya Saturn V, yomwe inanyamula anthuwo. Ulendo womaliza wa Apollo unachitika mu December 1972, ndipo chidwi cha ogula chinazilala. Mu 1977 kunatuluka kanema wa Star Wars, ana nayamba kulirira zombo zongopeka za m'kanemamo. Chaka chomwecho kunanyamuka zombo ziwiri zenizeni, Voyager 1 ndi Voyager 2, zimene zinatiphunzitsa zambiri za Jupiter ndi Saturn, ndipo Voyager 2 inapitirira kufika ku Uranus ndi Neptune. Pa nzeru zimene zinabweretsa, zombo ziwirizi zinayenera kukhala m'sitolo iliyonse, koma ogula anali ataona kwina. Chikombole cha Saturn V chokha ndicho sichikalamba, pakuti chikumbutso chikafika, monga cha zaka 50 mu 2019, mwini wake amangochipukuta fumbi nkuumbanso.

Kampani ya LEGO ya ku Denmark inapeza njira yoyeza msika isanaononge ndalama. Munthu wamba amapereka ganizo la chinthu choti chipangidwe, ndipo kampani imaliganizira pokhapokha anthu 10,000 atalivomereza. Mwa njira imeneyi mu 2017 munatuluka Saturn V ya tizidutswa 1,969, nambala yosankhidwa dala pokumbukira chaka chija, yotalika pafupifupi mita imodzi. Itasiya kupangidwa anthu anaifunabe, kotero kuti mu 2020 inabwereranso m'masitolo. Nzeru ya malonda imeneyi njosiririka, komabe taonani chimene anthu zikwi khumi anasankha patapita zaka pafupifupi makumi asanu: Saturn V yomweyo.

Tsono laisensi. Apa mpofunika kusiyanitsa chombo cha boma ndi chombo cha kampani. NASA ndi bungwe la boma la United States, ndipo lamulo la kumeneko limati ntchito yolembedwa kapena kujambulidwa ndi antchito a boma pa ntchito yao ilibe mwini woletsa ena kuikopera. Motero zithunzi ndi miyeso yambiri ya zombo za NASA aliyense atha kugwiritsa ntchito. Chimene NASA imateteza ndi dzina ndi chizindikiro chake. Wofuna kuika chizindikirocho pa katundu wogulitsa ayenera kupempha chilolezo, ndipo asaonetse ngati kuti NASA ikuyamikira katundu wakeyo. Koma NASA siilipiritsa ndalama pa chilolezo chimenechi. Dzina ndi nkhope ya munthu amene anakwera chombo ndi nkhani ina, yofuna chilolezo chakechake. Wochita malonda akaona kuti miyeso njaulere, chizindikiro nchaulere, ndipo ogula alipo kale, sasowa womuuza chochita.

Kumakampani zinthu nzosiyana. Zombo za boma zimamangidwa ndi makampani olembedwa ntchito: chigawo choyamba cha Saturn V anamanga ndi a Boeing, ndipo kachombo kotera pa mwezi anamanga ndi a Grumman. M'zaka za m'ma 2000 opanga zifaniziro ku America anadandaula kuti makampani aakulu monga Boeing ndi Lockheed Martin anali kufuna malipiro pa zifaniziro za ndege za nkhondo, chonsecho ndegezo zinamangidwa ndi misonkho ya anthu, ndipo nkhaniyo inafika mpaka ku nyumba ya malamulo ya dzikolo. Masiku ano zombo zina nza makampani enieniwo. Roketi ya Falcon 9, imene chigawo chake choyamba chinabwerera nkutera choimirira mu December 2015, nja kampani ya SpaceX, ndipo dzina ndi chizindikiro chake ndi chuma cha kampaniyo. Wofuna kugulitsa chifaniziro chokhala ndi zizindikirozo ayenera kugwirizana ndi eni ake. Sindikuwada eni akewo. Munthu ali ndi ufulu wosamala dzina lake. Koma mmisiri wamng'ono amene akadagulitsa mabokosi mazana angapo chabe sangalimbe nazo za maloya ndi mapangano, ndipo kawirikawiri amangozisiya.

Zotsatira zake zimatikhudza ife aphunzitsi. Mwana wophunzira mbiri ya maulendo a mlengalenga poyang'ana mabokosi a m'sitolo adzayesa kuti nkhani yonse nja dziko limodzi ndi zaka khumi zokha. Chonsecho chombo choyamba kuzungulira dziko chinali Sputnik ya Soviet Union mu 1957, munthu woyamba anali Yuri Gagarin mu 1961, ndipo mkazi woyamba anali Valentina Tereshkova mu 1963. China inatsitsa chombo cha Chang'e 4 kuseri kwa mwezi mu 2019, India nayo inatsitsa Chandrayaan-3 pa mwezi mu 2023. Ndipo chombo chimene chili pafupi kwambiri ndi moyo wa mlimi wa kuno si chilichonse cha zimenezi, koma zombo za Meteosat, zoyamba mu 1977, zimene zimajambula mitambo ya pamwamba pa Africa nkuthandiza a zanyengo kulosera mvula. Chombo chotere chilibe moto wolilima kapena munthu wokwera, ndiye nchosakopa ogula. Kodi pa chifukwa chimenecho tichichotse m'phunziro?

Chimene chimapatsa chifaniziro mtengo m'kalasi ndi sikelo. Pa bokosi la Saturn V ya Airfix pamalembedwa 1:144, kutanthauza kuti sentimita imodzi ya chifaniziro ikuimira masentimita 144 a roketi yeniyeni. Roketi ya mamita 110 imasanduka masentimita pafupifupi 76. Ya Revell ya 1:96 imapitirira pang'ono mita imodzi. Nambala zimenezi zilibe laisensi, ndipo ana athu amene amapinda waya nkupanga galimoto yoyenda ndi chiwongolero chake sasowa luso la manja. Chimene amasowa ndi mwambo woyeza asanadule. Pamenepo mpamene mphunzitsi alowerepo, ndipo asalole chinthu chongofanana ndi roketi koma chosayezedwa, pakuti chimenecho nchidole chabe.

Sukulu ikalandira chifaniziro cha m'bokosi monga mphatso, ichilandire ndi manja awiri, ana achimange okha, ndipo chisakatsekeredwe m'kabati ya ahedi. Koma musaike zifaniziro za masikelo osiyana pa tebulo limodzi osawachenjeza ana, chifukwa adzachoka akukhulupirira kuti kachombo kotera pa mwezi kanali kofanana msinkhu ndi roketi imene inakanyamula. Ndipo ngati mudzafuna kugulitsa zopanga za ana pa tsiku la chionetsero, musajambulepo zizindikiro za eni ake. Ana alembe dzina la sukulu yao.

Kwa ana a Sitandade 7 kapena 8 yambani ndi sikelo ya 1:100, chifukwa mita iliyonse imasanduka sentimita imodzi ndipo mwana atha kuwerengera pamtima. Gulu lina lipange Saturn V ndi makatoni ndi nsungwi, yotalika masentimita 110, yonenepa masentimita 10 kumunsi. Gulu lina lipange Falcon 9 ya masentimita 70, lina roketi ya Vostok imene inanyamula Gagarin ya masentimita pafupifupi 38. Sputnik, imene inali mpira wa chitsulo wa masentimita 58, idzafuna kadongo kochepera njere ya khobwe. Aliyense aumbe munthu wosafika masentimita awiri amuimike pambali pake. Zonse zikaima pa mzere, funsani ana aloze gawo la Saturn V limene linabwerera ku dziko lapansi ndi anthu atatu aja. Ambiri adzaloza chigawo chachikulu cha kumunsi. Pamenepo aonetseni kachipinda ka pafupi ndi nsonga, kamene pa sikelo yathuyi nkotambalala masentimita 4 okha, ndipo muwafunse kuti mamita opitirira 100 enawo anali a chiyani.