Arthur Lewis Sanaiwale Mlimi wa Cakudya

Ophunzira ambiri akamachula Sir Arthur Lewis amati ndiye anaphunzitsa maiko osauka kucotsa anthu m'minda ndi kuwaika m'mafakitale. Amamunamizira mkuluyu.

Lewis anabadwira pa cisumbu ca Saint Lucia, ku West Indies, mu 1915. Anafuna kukhala injiniya, koma atsamunda sankalemba munthu wakuda nchito yotere. Motero anakaphunzira za cuma ku London School of Economics, nakhala pulofesa ku Manchester mu 1948. Analandira mphotho ya Nobel mu 1979, ndipo anamwalira mu 1991.

M'zimene analemba mu 1954 anayankha funso limene makolo athu a ku Chipata ndi ku Petauke ankadzifunsa: kodi n'cifukwa ninji kampani ilemera koma malipiro a wanchito sakwera? Iye anati kumudzi kukacuruka anthu opeza zocepa, bwana alibe cifukwa cokwezera malipiro, pakuti wina akakana, mnzake afika pacipata m'mawa mwake. Malipiro a m'tauni amatsata zimene munthu akadapeza kumudzi, n'kuonjezapo pang'ono cabe. Ndi mmene zinalili pamene amuna athu ankapita kumigodi ndi kumapulazi a ku Southern Rhodesia kukafuna ndalama za msonkho.

Ambiri amalekeza pamenepa, osaona kumene mau ake akuloza. Ngati malipiro atsata zokolola, ndiye kuti nkhokwe ikadzaza kumudzi, wakumgodi nayenso sangapatsidwe zocepa, cifukwa ali ndi kobwerera. Mu 1953 Lewis anapereka lipoti la za mafakitale ku boma la Gold Coast, limene linkatsogoleredwa ndi Kwame Nkrumah. Anthu afunsa za makina, iye nawauza kuti coyamba ndi kukweza zokolola za mlimi wa cakudya! Mlimi wosauka sagula nsalu kapena sopo, nanga fakitale idzagulitsa kwa yani? Anakhala mlangizi wa Nkrumah mu 1957, koma anacoka mu 1958 atasiyana maganizo pa za kagwiritsidwe nchito ka ndalama za boma.

Ife kuno tinatsamira pa mkuwa, ndipo mtengo wake utagwa mu 1975 dziko linalowa m'ngongole. Ine nditi, aphungu ndi makhansala akadzafika kwanu ndi malonjezo a fakitale, muyambe mwawafunsa za mseu wopita kudepoti, za mlangizi wa zaulimi, ndi za tsiku limene ndalama za cimanga canu zidzalipidwa.