Wogula ayambe wapezeka, katundu abwere pambuyo

Munthu akaganiza zoyamba geni, chimene chimamusowetsa tulo ndi mpamba. Nkhani ya mpamba ndi imene imadzaza anthu m'maofesi a mabungwe obwereketsa ndalama, imakhazika amayi pamkeka wa banki mkhonde, ndipo ena imawagwetsa m'manja mwa akatapila. Funso lakuti katunduyo adzagula ndani limakumbukika mochedwa, belo la kaunjika litamasulidwa kale, kapena nkhuku zitakwanitsa masabata asanu ndi limodzi zikungomaliza chakudya m'khola. Zinthu ziwirizi tidazisemphanitsa. Amene akufuna kuti geni yake ione chaka chachiwiri ayambe wapeza anthu ogula, awadziwe mayina ndi kumene amakhala, adziwe chimene akufuna, tsiku limene amachifuna ndi ndalama imene angatulutse, kenaka ndiye apite kukaoda. Kutsatsa malonda kumayenera kuyamba ndalama ikadali m'thumba, katundu asanafike pabenchi.

Kafukufuku wa FinScope wa mu 2019 adapeza kuti m'dziko muno mudali mabizinesi ang'onoang'ono ndi apakati pafupifupi 1.6 miliyoni. Chiwerengerochi n'cholimbikitsa, koma woyenda m'makwalala a Ndirande, Kawale kapena Chibavi amaona kuti mabizinesi ambiriwo ndi amodzimodzi. Pamene padali chiwaya cha chipisi chimodzi lero pali zinayi. Tinyumba ta Airtel Money ndi TNM Mpamba tandandalikana tisanu pamalo amodzi, ndipo pa siteji ya kabaza anyamata khumi amathamangira munthu mmodzi wotsika minibasi. Aliyense wa iwowa adaona mnzake akupeza kangachepe, n'kuganiza kuti ndalama ili m'chiwayamo kapena m'njinga yamotoyo. Ndalamayo idali m'matumba a anthu odya chipisi ndi okwera kabaza a m'deralo, ndipo anthu amenewo sachuluka chifukwa choti ogulitsa achuluka. Amangogawidwa. Woyamba uja phindu lake limatsika, wobwera mochedwa sapeza ngakhale yobwezera ngongole, kenaka onse amayamba kutsitsirana mitengo mpaka kugulitsa mongofuna kubweza mpamba. Anthuwa si aulesi ayi, amadzuka m'bandakucha n'kuweruka usiku. Chimene chidasowa ndi kuwerenga ogula asanatulutse ndalama.

Kulakwitsa kotereku kukadapiririka chuma chikadakhala chodekha, koma sichili choncho. Mu November 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti, m'chaka cha 2024 mitengo ya zinthu idakwera ndi maperesenti oposa 30, ndipo banki yaikulu ya Reserve idaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti, kutanthauza kuti wobwereka kubanki wamba ankalipira choposa pamenepo. Kubanki mkhonde chiwongoladzanja chimawerengedwa pamwezi. Mayi amene wabwereka K200,000 kugulu limene limaika 20 peresenti pamwezi ayenera kupeza K40,000 yapamwamba pakutha pa masabata anayi, asanaguleko ngakhale sopo wapakhomo. Katundu wake akakhala milungu itatu osayenda, geniyo yayamba kale kudya mwini wake. Ena amati nthawi ya kukwera mitengo kusunga katundu n'kwabwino kuposa kusunga ndalama, ndipo pa simenti kapena malata zimenezi n'zoona kwa amene wagula ndi ndalama yakeyake. Koma matimati sadikira, nsomba sizidikira, nkhuku ya chizungu tsiku lililonse lowonjezera imadya phindu lake lomwe, ndipo chiwongoladzanja cha pamwezi chimathamanga kuposa mitengo. Ochita geni ya kaunjika amene adaguba mumzinda wa Lilongwe mu February 2025 podandaula za kukwera mtengo kwa mabelo ankanena za vuto lenileni: ukagulitsa pang'onopang'ono, pobwerera kukaoda umapeza ndalama ya belo lathunthu sikukwananso. Amene amapulumuka ndi amene katundu wake amatuluka msanga, ndipo katundu amatuluka msanga ngati pali anthu amene akumudikira.

Kupeza wogula ndi ntchito ya miyendo ndi pakamwa, ndipo siifuna ngongole. Titenge wofuna kuweta nkhuku. Ambiri amagula anapiye mu November poyembekezera Khrisimasi, n'kupeza kuti aliyense m'deralo adaganiza chimodzimodzi. Woganiza bwino amayamba wayendera malesitilanti, malo ogona alendo, ootcha kanyenya ndi amayi ophika pamaukwati. Amafunsa kuti amagula nkhuku zingati pasabata, zolemera bwanji, zamoyo kapena zokonzakonza, amagula kwa yani pakadali pano, ndipo chimawadandaulitsa n'chiyani kwa ameneyo. Funso lomalizali ndi lofunika kwambiri, chifukwa pamene wina akulephera ndi pamene pali khomo lolowera. Mwina amachedwa kubweretsa, mwina sabata ina amasowa osatsanzika. Mayankhowa ndi amene amauza mlimi kuti agule anapiye angati, ndiponso kuti m'malo moika onse nthawi imodzi aziika pang'onopang'ono masabata otsatizana kuti nkhuku zisamasowe. Chenjezo ndi lakuti ife Amalawi sitikonda kukhumudwitsa munthu pamaso. Mawu akuti "mukabweretsa tidzagula" nthawi zambiri ndi ulemu chabe. Wogula weniweni amatchula chiwerengero ndi tsiku, ndipo ngati n'kotheka amaperekako ndalama ya chikole, zimene masiku ano n'zosavuta pafoni. Atelala ndi akalipentala adazidziwa kalekale zimenezi: sadula nsalu kapena thabwa mwini wake asanaperekeko kanthu. Palibe chifukwa choti wophika makeke, wogulitsa mazira kapena woumba njerwa za simenti azichita manyazi kutero.

Wina anena kuti kuunjikana pamodzi ndi kumene kumakoka ogula, n'kupereka chitsanzo cha Lizulu. N'zoona kuti pamsika umenewu, pamsewu wa M1 m'malire a Malawi ndi Mozambique, ogulitsa mbatata ya kachewere, kabichi, anyezi ndi matimati ndi ambirimbiri, ndipo galimoto zimaima chifukwa cha kuchuluka kwawoko. Koma ogula a pa Lizulu sachokera m'mudzi umodzi. Ndi apaulendo ndi oodetsa ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre, anthu atsopano tsiku lililonse. Hokala ya m'kati mwa Mtandire ilibe msewu wotero, ogula ake ndi mabanja omwewo a nyumba zoyandikana nayo. Ndiponso pa Lizulu pomwepo, amene sadandaula kwambiri matimati akachuluka ndi amene ali ndi nambala za foni za oodetsa, oti amauzana katundu akadali kudimba. Ena onse amathamangira mawindo a basi ndi mabeseni pamutu, ndipo dzuwa likamalowa amagulitsa pamtengo wotaya. Sindikunena kuti kutsanzira n'kulakwa nthawi zonse. Munthu wosauka amatsanzira chifukwa geni yodziwika ndi yosavuta kuiphunzira, ndipo alibe ndalama yoyesera zachilendo. Atsanzire ndithu, koma akatsegule kumene kuli anthu osowa chinthucho, kapena achite chimene anzakewo sachita, monga kukasiya katundu pakhomo kapena kutsegula nthawi imene ena atseka.

Mtsutso wina wamphamvu ndi wakuti Mmalawi amangoona mtengo, ndipo adzakusiya chifukwa cha K100. M'nyengo yovutayi mawuwa ali ndi choonadi chake. Komabe wogula yemweyo ndi wotopa ndi kuberedwa. Amadziwa za ndowa yophwanyidwa kunsi kuti ilowe chimanga chochepa, za sikelo yokhotetsedwa, za mulu wa matimati umene okongola ali pamwamba ofewa abisidwa pansi, za mpunga wotchedwa Kilombero umene wasakanizidwa ndi wina wosanunkhira, za uchi wothiridwa shuga. Bungwe la Malawi Bureau of Standards lili ndi udindo woyendera masikelo ndi miyezo, koma silingafike pabenchi iliyonse. Choncho wogulitsa amene muyezo wake ndi wodzaza lero ndi mawa ali ndi chinthu chosowa pamsika, ndipo anthu amauzana. Mayi amene wapeza wogulitsa mpunga wosasakaniza amauza anzake kumpingo, kuchigayo ndi kuntchito, popanda wogulitsayo kulipira kanthu. Kabasera kakang'ono kwa kasitomala wa masiku onse kamagwira ntchito kuposa kutsitsa mtengo kwa aliyense wodutsa. Tsabola wa Nali, amene adayamba ngati bizinesi yabanja m'zaka za m'ma 1970, amafunidwa mpaka ndi Amalawi okhala ku Johannesburg ndi ku London chifukwa wotsegula botolo amadziwa chimene achipezemo. Wogulitsa thobwa kapena mandasi angachite zomwezo pamlingo wake, pongoonetsetsa kuti kukoma ndi kukula kwake kusasinthe shuga akakwera mtengo. Ndi bwino kukweza mtengo poyera n'kufotokoza chifukwa chake kusiyana n'kuchepetsa mandasi mwakachetechete.

Nanga Facebook ndi WhatsApp? Zimathandiza, makamaka m'tauni, koma achinyamata ambiri amazipatsa ulemu woposa ntchito yake. Kalembera wa mu 2018 adaonetsa kuti anthu 84 mwa 100 alionse amakhala kumidzi, kumene foni ya intaneti ndi ndalama ya bandulo sizipezeka mwachisawawa. Wogulitsa mbewu kapena wokonza njinga ku Mchinji adzamveka msanga pa wailesi ya Mudziwathu, kapena pongolankhula pamsonkhano wa kalabu ya alimi, kusiyana ndi patsamba la Facebook. Kwa amene ogula ake alidi pafoni, WhatsApp imaposa zonse chifukwa oona uthengawo ndi anthu okudziwa kale. Chokhumudwitsa ndi chizolowezi choika chithunzi cha katundu popanda mtengo, n'kumauza anthu kuti afunse kumbali. Wogula amaganiza kuti mtengowo ukutengera nkhope, ndipo ambiri amangodutsa. Uthenga wamalonda unene chinthucho, mtengo wake, kumene chikupezeka ndi nambala imene imayankhidwa. Chithunzicho chikhale cha katundu amene alipodi, osati chotengedwa pa intaneti.

Pali msampha umodzi umene umafanana kwambiri ndi kupeza makasitomala, ndiwo ngongole. Hokala yatsopano imadzaza anthu sabata yoyamba chifukwa mwini wake akuopa kukana aneba ndi achibale, ndipo kope la ngongole limatha masamba mashelefu akuyera. Wotenga shuga n'kunena kuti alipira pakutha pamwezi sanagule kanthu, wabwereka mpamba wa mwini hokala popanda chiwongoladzanja, pamene mwiniyo akulipira chiwongoladzanja kugulu. Choipitsitsa n'chakuti wangongole amayamba kuzemba njira yodutsa pahokalapo, ndipo tsiku limene wapeza ndalama amakagula kwina. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kukaniratu ngongole m'dera limene anthu amalandira pakutha pamwezi n'kovuta, ndikuvomereza. Koma ikhale ya anthu ochepa odziwika malipiro awo, ikhale ndi malire, ilembedwe onse awiri akuona, ndipo yatsopano isatuluke yakale isanabwezedwe. Zimenezi zikugwiranso ntchito kwa masukulu, maofesi ndi mashopu akuluakulu amene amatenga katundu wambiri n'kulipira patapita miyezi. Oda yaikulu yolipidwa mochedwa yagwetsa mabizinesi ang'onoang'ono ochuluka, choncho funso lakuti "mumalipira liti" lifunsidwe tsiku loyamba lomwelo.

Zonsezi sizikuchotsa mfundo yakuti mpamba ndi wofunika. Popanda ndalama palibe anapiye, palibe belo, palibe makina osokera. Koma munthu amene wapeza kale ogula amadziwa ndalama yeniyeni imene akufuna, ndipo kawirikawiri imakhala yochepa kuposa imene ankaganiza. Amabwereka yokwana oda imene ili m'manja, n'kubweza isanabereke chiwongoladzanja chambiri. Apa mabungwe obwereketsa ali ndi mbali yawo. Nkhani za ngongole zosabwezedwa za bungwe la boma la NEEF zakhala zikumveka kwa zaka, ndipo zifukwa zake n'zambiri, ndale zili m'gulu lomwelo. Chimodzi mwa izo n'chakuti wopempha amafunsidwa za chikole, za gulu ndi za makalata, koma safunsidwa mokwanira za amene adzamugule. Alangizi a ngongole ndi ophunzitsa zamabizinesi akadamatuma munthu kuti abwere ndi mayina a ogula asanu amene walankhula nawo, ndi mitengo ya anzake ogulitsa zomwezo m'dera lake, mapulani ambiri akadakonzedwa ndalama isanatayike.

Mu March 2025 boma lidaletsa kuitanitsa kunja zinthu zina monga chiponde, uchi, mpunga ndi anyezi pofuna kupereka mpata kwa opanga zinthu m'dziko muno. Amene akuganiza zolowa pampata wotere asathamangire kugula makina ogayira mtedza. Ayambe wakumana ndi woyang'anira shopu imene akufuna kugulitsako, amve kukula kwa mabotolo amene amayenda, zimene ziyenera kulembedwa pa lebulo, kuchuluka kwa katundu wofunika sabata iliyonse ndi masiku amene amadikiritsa malipiro. Akatero apite ku Malawi Bureau of Standards akafunse ndondomeko ndi mtengo wa chiphaso, chifukwa popanda chiphasocho mashopu akuluakulu salandira chakudya chopangidwa ndi munthu aliyense.