Chikomekome cha Mkuyu: Za Kusankha Malo Omangapo Banja M'tauni

Akale adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nkhuyu ikapsa imafiira mokopa, ndipo mwana amathamangira kuiponya m'kamwa, pamene wamkulu amayamba waing'amba kuti aone za m'kati. Mwambiwu kawirikawiri ankauzidwa mnyamata wofuna mbeta, koma masiku ano ukuyenera kwambiri banja lofunafuna puloti kapena nyumba yogula m'tauni. Mabanja ambiri a achinyamata atopa ndi lendi, kotero akamva za malo otsika mtengo mtima umakhala m'mwamba. Komatu ndalama imene wogulitsa amatchula ndi gawo laling'ono chabe la mtengo wa malowo. Gawo lalikulu limalipiridwa pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, kudzera m'mvula, madzi akumwa, mtunda, anansi ndi mapepala. Malo otchipa enieni ndi amene zisanuzi zili bwino, ngakhale nyumba yake ikhale ya zipinda ziwiri.

Kale munthu sankagula dothi. Wofuna kusamukira mudzi wina ankapita kwa mfumu pamodzi ndi womuperekeza, n'kukapempha malo. Mfumu isanaloze pomanga inkafuna kudziwa kumene mlendoyo akuchokera ndi chimene chamusamutsa, pakuti wothawa mlandu kwawo akanatha kudzabutsa mlandu womwewo kumudzi watsopano. Nayenso wopemphayo ankakhala atafufuza kale kumene mudziwo umatunga madzi m'mwezi wa Okutobala, m'mene anthu ake amagwirizanirana pa maliro, ndi m'mene ana ake amakulira. Mkamwini ankalozeredwa pomanga ndi eni mbumba, anthu odziwa mbiri ya chulu chilichonse. Midzi inkakhala pamtunda, kufupi ndi mtsinje koma osati m'mphepete mwenimweni. Dambo linali la madimba ndi msipu wa ziweto, phiri linali la nkhuni, nsungwi ndi mankhwala, ndipo nkhalango ya kumanda nkhwangwa sinkafikako. Malamulowa sadalembedwe papepala, koma adachokera pa zaka zambiri za kuona kumene madzi amadzera mvula ikakula.

M'tauni zinthu zidayenda mofulumira kuposa nzeru imeneyi. Likulu la dziko lidasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975. Kalembera wa 1977 adapeza anthu osakwana 100,000 mumzinda wa Lilongwe, pamene wa 2018 adapezamo pafupifupi 990,000, ndi enanso 800,000 mumzinda wa Blantyre. Bungwe la Malawi Housing Corporation, limene lidakhazikitsidwa mu 1964, lidamanga nyumba m'madera monga Area 18, Chitawira ndi Nkolokosa. Kudalinso madera amene mapuloti ankadulidwa mwadongosolo kuti munthu amange yekha malinga ndi thumba lake, monga Kawale, Area 25 ndi Zingwangwa. Koma anthu adachuluka kuposa mapuloti, ndipo osowa pokhala adadzaza Mtandire, Mgona, Chinsapo ndi m'mbali mwa mapiri a Ndirande ndi Soche. Lero banja la ndalama zochepa limayang'ana kunja kwa mzinda: cha ku Chitedze, Mpingu, Nathenje ndi Lumbadzi, kapena cha ku Chileka, Lunzu, Mpemba ndi Chigumula. Kumeneko n'kumene nkhuyu zofiira zachuluka, ndipo n'kumene kukufunika maso a munthu wamkulu.

Nyerere yoyamba imaoneka m'dzinja. Ogulitsa malo amakonda miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala, pamene dambo lauma gwa ndipo khwawa likuoneka ngati kanjira ka mbuzi. Wogula wanzeru amabwererako mu Febuluwale, mvula itagwa usiku wonse, ndipo amapita wapansi. Amayang'ana mzere wa matope pa makoma a nyumba zoyandikana, chifukwa khoma limasunga umboni wa pamene madzi adalekeza. Akaona bango ndi nsenjere amadziwa kuti pansipo pali chinyontho chosatha. Akaona dothi lakuda la makande, limene limatupa m'dzinja n'kung'aluka m'chilimwe, amadziwa kuti maziko ake adzadya simenti yambiri, apo ayi khoma lidzang'ambika ana asanamalize pulayimale. Mu Febuluwale 2017 mtsinje wa Lingadzi udasefukira n'kulowa m'nyumba za ku Mtandire. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula mbali ya phiri la Soche, ndipo matope ndi miyala zidakwirira mabanja ku Chilobwe; m'chigawo chonse cha kumwera anthu oposa 1,000 adamwalira kapena kusowa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Puloti ya m'mbali mwa phiri lodulidwa mitengo, kapena ya m'chigwa cha mtsinje, imatsika mtengo chifukwa eni dera akudziwa chimene mlendo sakudziwa.

Nyerere yachiwiri imaoneka m'chilimwe, ndipo imaluma amayi ndi ana aakazi. Madzi ambiri a mzinda wa Blantyre amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, kukwera mtunda wautali, ndipo a Lilongwe amadalira madamu a Kamuzu a ku Malingunde. Mapaipi a mabungwe a madzi safika msanga kumadera atsopano, ndipo mawu akuti paipi ikubwera chaka chamawa ndi otchipa m'kamwa mwa wogulitsa. Banja logula madzi pa chidebe tsiku lililonse limalipira zambiri kuposa lokhala ndi mpopi pakhomo, kuwonjezera pa tulo ta mwana wamkazi amene amadzuka mbandakucha kukaima pamzere asanapite kusukulu. Kumene mapuloti ndi opanikizana, chitsime chimakumbidwa pafupi ndi chimbudzi cha mnansi, ndipo mvula ikagwa ziwirizo zimalumikizana pansi pa nthaka. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, ndipo mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre idali m'gulu la madera okhudzidwa kwambiri. Choncho funso la mjigo kapena mpopi liyenera kufunsidwa funso la mtengo lisanafike.

Mtunda nawo uli ndi msonkho wake. Bambo kapena mayi wokwera minibasi ziwiri popita kuntchito ndi ziwiri pobwerera, masiku 22 pamwezi, akawonkhetsa ndalamayo pachaka angapeze kuti lendi imene adaithawa yangosintha dzina. Choposa ndalama ndi nthawi. Kholo lochoka ana ali m'tulo n'kubwera atagona limakhala mlendo pakhomo pake, ndipo nthano, miyambi ndi zilapi zimene zinkanenedwa madzulo pamoto zimasowa wozinena. Sukulu nayo iyenera kuyezedwa ndi miyendo ya mwana wa zaka 6, osati ndi liwiro la kabaza. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi a sukulu za boma m'matauni ndi odzaza, kotero kholo liyenera kukaona lokha kuti ana amakhala angati m'chipinda, ndiponso ngati pali mtsinje wopanda mlatho kapena msewu waukulu pakati pa nyumba ndi sukulu. Liyeneranso kudzifunsa kuti mayi woyembekezera akayamba kumva kupweteka pakati pa usiku mu Januwale, galimoto ingafike pakhomopo kapena ayi.

Koma chachikulu pa zonse ndi anansi. Akale adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Kumudzi mwana ankaleredwa ndi mudzi wonse: anyamata kumphala, atsikana kukuka kwa agogo, ndipo wamkulu aliyense anali ndi ufulu wodzudzula mwana wopulupudza panjira. M'tauni mphala ndi kuka kulibe, kotero ntchito yake yatsalira anthu a nyumba zoyandikana. Wogula nyumba amagula anthu amenewa pamodzi ndi njerwa. Denga lodontha limakonzeka, koma shabini yoimba nyimbo mpaka tambala woyamba kuseri kwa zenera la ana sichotseka ndi ndalama. Dera labwino limadziwika madzulo. Ana amasewera phada, fulaye ndi mpira wachikulunga pabwalo mopanda mantha, amayi amapatsana moto ndi mchere, ndipo dzuwa likalowa ana amaitanidwa kulowa m'nyumba. Limadziwikanso pa zovuta. Maliro akagwa, kodi anthu amasonkha ufa ndi nkhuni, abambo n'kugona panja pa siwa, kapena aliyense amatseka geti lake? Mbala ikalowa usiku, kodi mfuu ya munthu mmodzi imadzutsa mzere wonse?

Mayankho a mafunso amenewa sapezeka kwa wogulitsa. Amapezeka pamjigo, pachigayo, kwa mayi wogulitsa tomato amene wakhala pamalopo zaka 15, kwa mkulu wa mpingo kapena wa mzikiti, ndi kwa mfumu ya m'deralo. Safunsa adadya phula. M'pofunikanso kunena kuti mpanda wautali wa njerwa sutsimikiza kuti ana akula bwino. Madera monga Area 10 ndi Namiwawa ali ndi misewu yabwino ndi bata, koma n'zotheka munthu kukhalako zaka zambiri osadziwa dzina la wa kuseri kwa khoma. Banja limene silingakwanitse kumeneko lisadzione ngati latsalira. Dera lakale la anthu wamba, lokhala ndi sukulu, msika, chipatala ndi anansi odziwana, lingapatse mwana chuma chimene mpanda sungapereke, pakuti kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.

Nyerere yotsiriza yabisala m'mapepala, ndipo ndiyo yaliritsa anthu ophunzira ndi osaphunzira omwe. Malo a m'mizinda ambiri ali m'manja mwa unduna woona za malo, khonsolo ya mzinda kapena Malawi Housing Corporation, ndipo lizi ya malo okhalapo kawirikawiri imakhala ya zaka 99. Wogula ayenera kupita yekha ku ofesi yoyenera kukaona ngati dzina la m'kaundula ndi la munthu amene akugulitsayo, ngati malowo sadaperekedwe chikole kubanki, ndiponso ngati palibe ngongole ya msonkho. Kunja kwa malire a mzinda malo ambiri ndi a makolo. Lamulo la malo oterewa la 2016 lidakhazikitsa makomiti a malo otsogozedwa ndi gulupu, okhala ndi anthu ena 6 osankhidwa, mwa iwo osachepera atatu amayi. Kalata ya pamanja yokhala ndi chidindo cha mfumu yokha ndi chishango chopyapyala. Mwa Achewa munda ndi wa mbumba, ndipo mwana mmodzi kapena malume akaugulitsa mwamseri, alongo ake adzabwera ndi mlandu nyumba itafika kale pazenera. Madobadoba ogulitsa puloti imodzi kwa anthu atatu amadalira changu cha wogula. Mawu awo ndi akuti wina akubwera ndi ndalama mawa. Malo enieni sathawa chifukwa cha sabata ziwiri za kufufuza. Malire ayendedwe pamaso pa anansi onse ndi woyeza malo wovomerezeka, ndipo ndalama iperekedwe pali mboni.

Alipo otsutsa maganizo amenewa, ndipo mfundo zawo zili ndi mutu. Iwo amati zengerezu adalinda kwawukwawu. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene ankasunga ndalama podikira malo abwino adaona ndalamayo ikusungunuka pamene simenti ndi malata zikukwera. Amakumbutsanso kuti madera ena amene lero ndi osiririka adali tchire dzana, ndipo olimba mtima amene adagula nthawi imeneyo ndiwo akuseka. Izi n'zoona. Kugula kutali msanga ndi nzeru ngati malowo ali pamtunda wouma, mapepala ake ndi olongosoka, ndipo banja lingapirire kukhala pa lendi mpaka madzi ndi msewu zitafika. Kutali kumasanduka pafupi mzinda ukamakula. Dambo lokha ndilo limakhala dambo mpaka kalekale, ndipo malo a mlandu amakhala a mlandu. Changu ndi chabwino posonkha ndalama, kaya kubanki m'khonde kapena m'chipereganyu, koma pa tsiku lopereka ndalamayo pamafunika kudekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

N'zoonanso kuti ambiri amene adamanga m'mbali mwa Soche kapena m'mphepete mwa Lingadzi sadatero chifukwa chosowa nzeru. Adasowa kolowera. Mlandu waukulu uli kwa oyendetsa mizinda, amene kwa zaka zambiri sadadule mapuloti okwanira oti munthu wamba angawakwanitse. Kale mfumu yoloza mlendo m'dambo inkachita manyazi pamaso pa mudzi. Makhonsolo a lero alowa m'malo mwa mfumu imeneyo, ndipo nzika zili ndi ufulu wowafunsa mapuloti otetezeka, okhala ndi misewu ndi ngalande, pa mtengo wofikirika.

Malo akapezeka, pamatsala chinthu chimodzi chimene mabanja ambiri amachizengereza. Nyumba ya m'tauni sili pansi pa chikamwini kapena chitengwa. Ndi thukuta la anthu awiri, ndipo n'koyenera kuti mayina onse awiri alembedwe pa chikalata. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, komabe chikalata cholembedwa bwino ndi wilo zimatseka pakamwa pa achibale adyera mlandu usanayambe. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri adziwitsidwe za nyumbayo eni ake akadali moyo. Adzukulu amene lero akuyenda ndi ndalama m'thumba kufunafuna puloti akumbukire kuti akusankha pamene ana awo adzatchule kuti kwathu, ndipo ayambe aing'amba nkhuyu asanaidye.