Musanafungatiritse dzira la pagolosale, funsani kaye za tambala

Mng'ono wanga anaona kavidiyo pa TikTok ka munthu ataswetsa anapiye ndi mazira ogula m'shopu. Basitu, anatenga ndalama yake ya mandasi n'kugula mazira asanu pagolosale, n'kuwasakaniza ndi a thadzi la agogo lomwe linkafungatira. Patatha masiku 21, mazira a thadzi lija anaswa. Ake aja anangosukusa, fungo lake losanena.

Sindinamuseke, chifukwa kuyesa ndiye sayansi imene. Pomwe analakwitsa ndi pamodzi: sanafunse kuti mazirawo achokera kuti.

Ambirife timaganiza kuti nkhuku siingaikire popanda tambala. Si zoona. Thadzi limapanga dzira pa maola 24 mpaka 26 aliwonse, kaya tambala alipo kaya palibe. Ntchito ya tambala ndi kupereka mbewu yomwe imakumana ndi ya thadzi dzira lisanakutidwe ndi chikamba. Popanda zimenezi, m'dziramo mulibe choti n'kukula. Tsono m'mafamu a nkhuku zoikira sasungamo atambala, chifukwa angamangotha chakudya. Dzira lochokera kumeneko, olo mulifungatiritse chaka chathunthu, simutuluka kanthu. Ngakhale kadontho ka magazi komwe mumakaona nthawi zina mukaswa dzira si mwanapiye ayi, ndi kamtsempha chabe komwe kanaphulika dzira likupangidwa.

Ndiye kuti mavidiyo aja ndi abodza? Osati onse. Mu 2020, mayi wina ku England anaswetsadi tiana ta bakha titatu ndi mazira omwe anagula mu Waitrose. Kampani yoweta abakhawo inafotokoza kuti mtundu woyerawu ndi wovuta kusiyanitsa wamwamuna ndi wamkazi, choncho wamwamuna amatha kutsalira m'gulu. Nkhaniyi inatchuka chifukwa sizichitikachitika. Amene mazira awo anawola sajambula vidiyo.

Ngati mukufunadi kuyesa, yesani mwanzeru. Pezani mazira a nkhuku zachikuda zomwe zimayenda ndi tambala, osapitirira sabata imodzi chiikireni, osatsukidwa komanso osalowa m'firiji. Apatseni thadzi lofungatira. Makina amafuna kutentha kwa madigiri 37.5 usana ndi usiku, ndiye magetsi akathima nthawi yaitali mwaluza. Thadzi silidalira magetsi, ndipo limatembenuza lokha mazira.

Pa tsiku la 7, lowani m'chipinda cha mdima n'kugunditsa tochi ya foni pa dzira. Mukaona timitsempha tofiira totambalala ngati ukonde wa kangaude, moyo ulimo. Likangowala mbee, mulibe kanthu, lichotseni lisanawole. Muikenso mazira awiri a pagolosale, muwalembe chizindikiro ndi pensulo, kuti mudzafananitse nokha.

Mng'ono wanga anayesanso ndi mazira a nkhuku za aneba. Pa asanu, anaswa anayi. Tsopano vuto lake ndi mphamba.