Magudumu a Kagalimoto ndi Umboni wa Kamera

M'dziko la America muli mpikisano wina wa ana umene mlendo angauone ngati chibwana chabe. Dzina lake ndi Pinewood Derby. Anauyambitsa ndi Don Murphy, mtsogoleri wa gulu la ana a sikauti ku Manhattan Beach m'chigawo cha California, m'chaka cha 1953, ataona kuti mwana wake anali asanafike msinkhu wopikisana nawo pa ngolo zazikulu zokwera munthu za Soap Box Derby. Masiku ano mwana aliyense amalandira kachipika ka mtengo wa paini, misomali inayi ndi magudumu anayi a pulasitiki, ndipo amasema yekha kagalimoto kake. Lamulo lofala ndi lakuti kasalemere kuposa magalamu 142, ndiponso kasatalike kuposa masentimita pafupifupi 18. Kalibe injini. Chokayendetsa ndi mphamvu yokoka ya dziko basi, pamene kakutsetsereka pa msewu wa thabwa kapena wa chitsulo wotalika mamita 10 kapena kuposerapo pang'ono.

Tsono pali chizolowezi chimene chakula pakati pa osema timagalimoto timeneti. Iwo amatijambula pa kanema tikuthamanga, kenaka n'kumaonera zithunzizo pang'onopang'ono kuti adziwe m'mene magudumu akuyendera. Anthu ena chizolowezichi amachinyoza, amati akuluakulu alanda masewera a ana n'kuwasandutsa ntchito ya mainjiniya. Dandauloli lili ndi mfundo yake, ndipo liyankhidwa m'munsimu. Komabe kujambulako n'koyenera kuyamikiridwa, pakuti kumaphunzitsa mwana chinthu chimene makalasi ambiri a sayansi amalephera kuphunzitsa, ndicho kufunafuna umboni asanagamule.

Choyamba, n'chifukwa ninji diso palokha silikwanira? Kagalimotoka kamayambira pamwamba pafupifupi mita imodzi ndi masentimita 20. Chinthu chotsika kuchokera pamenepo chimafika pansi chili pa liwiro la mamita pafupifupi 4.8 pa sekondi, ndiye kuti makilomita 17 pa ola. Gudumu lake, limene m'mimba mwake ndi masentimita atatu, limazungulira ka 50 pa sekondi imodzi. Mpikisano wonse umatha m'masekondi atatu okha, ndipo wopambana ndi womutsatira akhoza kusiyana ndi gawo limodzi la magawo 1,000 a sekondi, umene ndi mtunda wa mamilimita asanu. Palibe munthu amene angaone zoterezi ndi maso ake. Foni yojambula zithunzi 30 pa sekondi nayonso imaperewera, chifukwa pakati pa chithunzi china ndi chinzake kagalimotoko kamakhala katayenda masentimita 16. Koma mafoni ambiri amakono amajambula zithunzi 240 pa sekondi, kotero kuti kusiyanako kumangokhala masentimita awiri, ndipo gudumu limaoneka likuzungulira modekha.

Nanga kanemayo amaulula chiyani? Pakati pa njira ya kagalimoto kalikonse pali kanjanji kokatchinjiriza kuti kasapatuke. Misomali ikakhomedwa mopendama ngakhale pang'ono, kagalimoto kamadzandira ngati woledzera: kamagunda kanjanji kumanzere, n'kubwerera kukagunda kumanja, ndipo kugunda kulikonse kumadya liwiro. Kanema amaonetsanso gudumu likukhula thupi la kagalimoto, lina likugwedezeka chifukwa bowo lake ndi lalikulu kuposa msomali, lina likudumphadumpha chifukwa silinabulungike bwino. Mwana amene ankati mnzake wapambana chifukwa cha mwayi amadzionera yekha pamene mphamvu ya kagalimoto kake inatayikira.

Zimene osema aphunzira poyang'anitsitsa chonchi n'zodabwitsa, pakuti zina zikutsutsana ndi maganizo a munthu wamba. Aliyense angayese kuti kagalimoto kothamanga koposa ndi koyenda chindunji osakhudza kanjanji. Koma msewu wopanda chilema kulibe, ndipo kagalimoto kotero kamayamba kudzandira pa kabampu koyamba. Chifukwa chake akatswiri amapinda dala msomali umodzi wakutsogolo kuti gudumu lake lizitsamira kanjanji mofewa ulendo wonse, popeza kukhula pang'ono kosalekeza kumawononga mphamvu yochepa kusiyana ndi kugundagunda. Ena amakweza gudumu lina lakutsogolo kuti lisakhudze pansi, kuti mphamvu yolizunguza ipite ku liwiro. Misomali yakumbuyo amaipendeketsa pang'ono kuti magudumu azithawira ku mutu wa msomali, kutali ndi thupi, ndipo amathirapo ufa wa graphite, uja wa mumtima wa pensulo, kuti pazitereramo. Zitsulo zolemeretsa amaziika chakumbuyo, chifukwa pa chitsetse kumbuyo ndiko kuli pamwamba, ndipo cholemera chochokera pamwamba chimatsika mtunda waukulu. Koma akapyola muyeso kutsogolo kumapepuka, kudzandira kuja n'kuyambiranso.

Njira imeneyi ndi yakale. M'chaka cha 1878 ku Palo Alto, m'chigawo chomwecho cha California, Eadweard Muybridge anandandalika makamera 12 m'mbali mwa njira ya akavalo a Leland Stanford. Zithunzi zake zinatsimikiza kuti kavalo wothamanga amakhala ndi kanthawi pamene ziboda zonse zinayi zili m'malere, ndiponso kuti nthawi imeneyo miyendo imakhala itapindikira kunsi kwa mimba. Akatswiri ojambula pamanja anakhala zaka zambiri akuijambula itatambasuka kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo anthu ankakhulupirira zomwezo. Kale kwambiri Galileo Galilei wa ku Italy, amene analibe kamera, anachedwetsa kugwa kwa zinthu pogubuduza kampira ka chitsulo pa thabwa lopendekera, nayeza nthawi ndi madzi otuluka m'chotengera. M'buku lake la m'chaka cha 1638 anafotokoza kuti m'nthawi zofanana zotsatizana mitunda imakula motsata manambala 1, 3, 5, 7. Anthu awiriwa anachita chinthu chimodzi: anachedwetsa chimene chinkathamanga kuti achione bwino. Akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Komatu kamera nayo ikhoza kunamiza munthu wosasamala. Amene anaonerapo kanema wa m'holo, wa zithunzi 24 pa sekondi, akudziwa kuti nthawi zina magudumu a ngolo amaoneka ngati akubwerera m'mbuyo pamene ngoloyo ikupita kutsogolo. Izi zimachitika gudumu likamazungulira mofulumira kuposa m'mene kamera ikujambulira. Choncho wojambula wanzeru amaika kadontho koyera pa gudumu, amagoneka rula m'mbali mwa msewu, amakhazika kamera pamalo posagwedezeka, ndipo amaonetsetsa kuti kuwala n'kokwanira. Koposa zonse amasintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, n'kubwereza ulendowo kangapo. Akapinda msomali ndi kusuntha cholemeretsa tsiku lomwelo, sadzadziwa chimene chathandiza. Mwambo umenewu ndiwo mtima wa sayansi.

Tsono dandaulo lija. N'zoona kuti m'mipikisano imeneyi muli makolo amene amasema okha kagalimoto, mwana ali pambali kuonerera, kenaka mwanayo n'kukalandira chikho cha ntchito imene sanaigwire. Magulu ena a sikauti amakonza mpikisano wapadera wa akuluakulu pofuna kuthetsa khalidweli, ndipo ena amalamula kuti magudumu onse anayi azikhudza pansi. Malamulo otere ndi abwino ndipo ayenera kulemekezedwa. Koma cholakwa chili kwa kholo lolanda ntchito. Kholo limene likuika foni m'manja mwa mwana, n'kumufunsa chimene waona ndi chimene akuganiza kuti asinthe, lamupatsa mphatso yoposa chikho, ngakhale kagalimotoko katafika komalizira.

Phunziro limeneli likukhudza aphunzitsi kulikonse. Sukulu zambiri zilibe zipangizo za sayansi, ndipo ophunzira amaloweza malamulo a kayendedwe ka zinthu osawaonapo akugwira ntchito. Koma ana odziwa kupanga magalimoto a mawaya ndi a zigubu ali m'mudzi uliwonse. Thabwa losalala, rula, choko ndi foni imodzi n'zokwanira. Ngati foniyo ndi ya zithunzi 30 zokha pa sekondi, mphunzitsi atengere nzeru ya Galileo, achepetse kupendekera kwa thabwa kuti kagalimoto kaziyenda pang'onopang'ono. Kakayenda masentimita 10 m'theka loyamba la sekondi, ophunzira alosere kuti m'theka lachiwiri kayenda 30, m'lachitatu 50, kenaka ayeze pa zithunzi. Manambala akapanda kugwirizana, afufuze chifukwa chake pa magudumu. Kumene kuli kompyuta, pulogalamu yaulere yotchedwa Tracker, imene analemba Douglas Brown, imathandiza kuyeza mtunda pa chithunzi chilichonse.

Nawonso achinyamata amene atsiriza sukulu asaione nkhaniyi ngati ya ana. Tayala la galimoto likamadyeka mbali imodzi, kapena njinga ikamakokera kumanzere, vuto lake ndi lomwe lija la msomali wopendama. Makaniko wongoganizira amagulitsa mwini galimoto matayala atsopano amene adzadyekanso pakapita miyezi yochepa, pamene woyeza amawongola magudumu, ndipo anthu amabwerera kwa iye. Mnyamata kapena mtsikana amene anazolowera kuyang'anitsitsa, kuyeza ndi kubwereza akadali pasukulu adzakhala wodalirika m'galaja, m'munda ndi m'chipatala momwe. N'chifukwa chake mphunzitsi wotulutsa thabwa ndi foni pa phunziro la sayansi ayenera kulimbikitsidwa ndi akuluakulu a sukulu ndi makolo omwe.