Denga Likonzedwe Mvula Isanagwe

Dzuwa la Okutobala likayamba kuotcha, mlimi amanola khasu, mayi amasankha mbewu, koma ndi ochepa amene amakweza maso kuyang'ana denga la nyumba yao. Timalikumbukira pakati pa usiku, madzi akudonthera pamphasa, ana akusuntha zofunda, mapoto ndi mabeseni atandandalikidwa pansi. Nthawi imeneyo mmisiri amasowa, ndipo akapezeka mtengo amatchula yekha. Sabata ino tiyeni tikambirane za denga ndi za munthu amene tingampatse ntchito yolikonza.

Nkhaniyi si yamasewera. M'chaka cha 2019 namondwe wa Idai anasasula madenga ambirimbiri mumzinda wa Beira. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anafika ndithu kuno ku Tete, mpaka mlatho wa pamtsinje wa Revúbuè unaduka. Mu 2023 Freddy analowa m'dziko muno kawiri, ulendo wachiwiri kudzera ku Quelimane. Koma tisadikire namondwe wokhala ndi dzina. Mphepo ya mkuntho imene imabwera ndi mvula yoyamba, ija timaidziwa ku Angónia, ku Tsangano ndi ku Macanga, ndi yokwanira kunyamula malata a sukulu kapena a tchalitchi n'kukawataya kumunda.

Ambiri timaganiza kuti mphepo imakankha denga. Zoona zake n'zakuti imalikoka kupita kumwamba, makamaka m'mbali ndi m'makona. Ikalowa pansi pa khonde kapena pazenera losweka, imalitukulanso kuchokera m'kati. N'chifukwa chake denga lolimba liyenera kugwirana kuyambira pamwamba mpaka pansi: malata agwire mitanda, mitanda igwire phaso, phaso limangidwe kukhoma ndi waya wolimba wolowa mizere ingapo ya njerwa. Pamene pamasuka chimodzi mwa zimenezi, mphepo imayambira pomwepo. Miyala ndi matayala zimene timasanjika pamwamba sizilowa m'malo mwa waya ndi misomali. Tsiku la mkuntho mwala womwewo ukhoza kugwera mwana.

Tsono yambani mwaliyendera nokha denga lanu kudakali chilimwe. Lowani m'nyumba masana, tsekani zitseko, yang'anani kumwamba. Paliponse pamene pakuoneka kuwala, mvula idzalowanso pomwepo. Gogodani mitengo ndi kachitsulo. Ikamalira ngati ng'oma kapena kugwetsa ufa, dziwani kuti chiswe kapena anankafumbwe adyamo kale. Kunja onani misomali yotukuka, malata a dzimbiri ndi masamba oundana. Masamba a mango ndi a bulugamu akaunjikana padenga amasunga chinyezi, ndipo chinyezicho n'chimene chimabala dzimbiri. Sesani, ndipo dulani nthambi zokhuza malata. Pokwera padenga pondani motsata mzere wa misomali, pamene pali mtanda pansi, ndipo chenjerani ndi mawaya a magetsi.

A nyumba za udzu nkhaniyi ikukukhudzaninso. Denga la udzu limafuna kutsetsereka kwambiri kuti madzi asaime. Udzu umwetedwe utakhwima, uume bwino, ndipo kufolera kuyambire m'munsi kukwera kumwamba. Pulasitiki wakuda pansi pa udzu amathandiza, koma akapsa ndi dzuwa amang'ambika, choncho asasiyidwe poyera.

Tsopano tibwere kwa mmisiri. Masiku ano aliyense wokhala ndi hamala ndi sowo akudzitcha kalipentala, ndipo timakampani tokonza madenga tachuluka m'matauni mwathu. Ena ndi akatswiri enieni, ena ndi ongofuna ndalama za chimanga ndi mbatata zimene mwangogulitsa kumene. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musakopeke ndi chikwangwani chokongola kapena pakamwa pokoma.

Choyamba, funsani nyumba zimene iye anakhomapo malata zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo. Pitani mukaone nokha, mukacheze ndi eni nyumbazo iye palibe. Denga latsopano lililonse limaoneka bwino, koma lomwe lapirira dzinja kawiri ndilo mboni yeniyeni. Chachiwiri, sankhani munthu wodziwika kumene amakhala, amene mfumu kapena mlembi wa bairo amamdziwa. Denga likadontha mu Febuluwale mudzadziwa khomo logogoda. Ngati ndi kampani, ikuonetseni chiphaso chake cha ntchito, chija cha alvará, pamodzi ndi nambala ya msonkho ya NUIT. Kampani yoona sikwiya ikafunsidwa zimenezi.

Chachitatu, funsani mitengo kwa amisiri awiri kapena atatu, ndipo aliyense akwere padenga asanatchule mtengo. Wotchula mtengo ali chiimire pabwalo akungolota. Mtengowo ulembedwe pogawa bwino: malata angati, aatali bwanji, misomali makilo angati, mitengo ingati, ndipo ya ntchito ya manja ikhale payokha. Pogula zipangizo pitani limodzi, ndipo lisiti musunge ndinu.

Pamalata pamafunika maso. Nambala ya geji ikamakwera, lata limapyapyala: geji 28 ndi yokhuthala kuposa geji 32. M'masitolo ena amalemba makulidwe ake m'mamilimita, ndipo pamenepo nambala yaikulu ndiyo lata lokhuthala. Mmisiri wachinyengo amalipiritsa lokhuthala n'kukhoma lopyapyala. Lata lopyapyala limang'ambika pamsomali mphepo ikamalikoka, ndipo dzimbiri sililichedwera.

Ntchito ikayamba musachoke pakhomo. Onetsetsani kuti misomali ndi ya chipewa ndipo ikukhomedwa pamsana pa lata, osati m'ngalande modutsa madzi. Malata alowane mokwanira m'mbali, ndipo polumikiza m'litali lapamwamba liphimbe lapansi ndi masentimita 15 kapena 20. Misomali ichuluke m'mphepete ndi pamsonga, poti mphepo imalimbana ndi malo amenewo. Mitengo ikhale youma ndi yopakidwa mankhwala a chiswe. Mtengo wauwisi ukamauma umapindika, n'kumasula misomali. Khonde lalitali likhale ndi denga lakelake, kuti likanyamuka lisatenge denga la nyumba yonse. Amene mukumanga chatsopano dziwani kuti denga lotsetsereka mbali zonse zinayi limapirira mphepo kuposa la mbali ziwiri.

Pali nyumba zakale, makamaka za m'nthawi ya Apwitikizi, zofoleredwa ndi lusalite. Ambiri mwa mapepala akalewo muli asibesito, amene fumbi lake limaononga mapapo patapita zaka, ndipo boma linaletsa asibesito m'dziko muno m'chaka cha 2010. Musalole mmisiri kuwacheka, kuwaboola kapena kuwaswa ali ouma, ndipo ana asaseweretse zidutswa zake. Komanso akakalamba amathyoka msanga munthu akapondapo.

Nanga za malipiro? Apa ndi pamene pamathera chibale. Musapereke ndalama zonse ntchito isanayambe. Perekani gawo poyamba, gawo lina ntchito ili pakati, ndipo lotsala mupereke mutayesa dengalo ndi madzi kapena mvula yoyamba itagwa. Zonsezi zilembedwe papepala: mtengo, tsiku loyamba, tsiku lomaliza, ndi lonjezo loti likadontha adzabweranso osalipiritsa. Musainirane pamaso pa mboni ziwiri. Ngakhale mmisiriyo akhale mlamu wanu kapena mwana wa amalume, pepala silidanitsa, chimene chimadanitsa ndi kuiwala. Zinthu zikavuta, pepala lomwelo ndilo mudzapite nalo kwa mfumu kapena kubwalo la milandu la m'dera.

Kwa inu amisiri, nanunso imvani. Ntchito yanu imaonekera patali. Denga limodzi likauluka, mudzi wonse umadziwa amene analikhoma. Mwini nyumba akakakamira zipangizo zosalimba pofuna kupulumutsa ndalama, muuzeni zoona ntchito isanayambe, chifukwa mawa dzina loipa lidzakhala lanu.

Pomaliza, denga labwino limabwezanso ndalama zake. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pamalo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi imapereka lita imodzi ya madzi. Ndiye kuti denga la mamita 8 kwa 5 likhoza kukupatsani malita pafupifupi 400 pamvula ya mamilimita 10. Ikani ngalande ndi mgolo wovundikira, amayi apumuleko ulendo wa kuchitsime. Madzi a mvula yoyamba atayeni, poti amatsuka fumbi ndi zitosi za mbalame.

Abale, safunsa anadya phula. Funsani, yenderani, lembani, kenaka lipirani. Mvetseraninso pawailesi machenjezo a zanyengo ochokera ku INAM ndi ku INGD, ndipo mukamaliza denga lanu mukaonenso la agogo amene alibe wowakwerera. Tikumanenso sabata yamawa patsamba lomwe lino. Tsalani bwino.